Ulendo usamakhale wa maliro okha

Ambiri mwa ife amene timakhala m'matauni a malonda monga Balaka, Liwonde, Ulongwe, Ntaja ndi Nsanama timakwera galimoto pa zifukwa zitatu basi: kukapikula katundu, kuperekeza wodwala ndi kupita kumaliro. Banja lonse likanyamuka ndi zikwama, oyandikana nalo amathamanga kudzafunsa kuti, "Kwagwanji?" Palibe amene amaganiza kuti anthu angachoke pakhomo pawo kuti akangopuma.

Ife tikuona kuti chizolowezi chimenechi chikutipweteka. Bambo amatsegula golosale Lolemba mpaka Lamulungu, mayi ali pabenchi ya matimati kuyambira m'bandakucha, ana amangodziwa njira ya kusukulu ndi ya kumsika. Thupi likatopa mtima umafupika, ndipo nkhani zoti zikadatha ndi kuseka zimakathera kwa ankhoswe. Tsiku limodzi kapena awiri kutali ndi zimkuzamawu ndi oitanira minibasi angathe kuchiza zimene mapilitsi a mutu alephera.

Chodabwitsa n'chakuti malo amene alendo amaulukira maola ambirimbiri kudzawaona ali pakhomo pathu pomwepa. Nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Liwonde, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, ili pamtunda waufupi kuchokera pa tauni ya Liwonde. Bungwe la African Parks litayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi boma mu 2015, lidachotsamo misampha ya waya masauzandemasauzande. Mikango idabwezeretsedwamo mu 2018, zipembere 17 zidafika kuchokera ku South Africa mu 2019 ndipo mimbulu idatsatira mu 2021. Njovu zidachulukana mpaka zina 263 zidasamutsidwira ku Kasungu mu 2022.

Ngakhale zili choncho, alipo ana ambiri obadwira pa Liwonde pomwepo amene njovu amangoiona m'buku la sukulu. Sadakwerepo bwato pa Shire madzulo mvuu zikufwenthera m'madzi, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Dziko n'lawo, koma mbiri yake amaimva kwa obwera.

Sitikunena kuti kupuma ndi kunkhalango kokha ayi. Kungoima pa mlatho wa Kamuzu Barrage, womwe udamangidwa mu 1965, mwana amaona ndi maso ake zitseko zoyendetsera madzi amene amakapukusa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akabwerera kunyumba babu la m'golosale amaliona mwina. Opita cha ku Ntaja ali ndi mapiri a Chikala, ndipo akapitirira amakafika ku nyanja ya Chiuta kumalire ndi Mozambique, komwe phokoso lalikulu ndi la nkhafi ndi mbalame. Ku Balaka kuli milambe ikuluikulu yoti banja lonse n'kuyala mkeka pansi pake, kulinso mishoni yakale ya Utale.

Ndipo malo otsika mtengo kuposa onse ndi kwa agogo kumudzi. Ndi angati a ife amene tidagonapo kumudzi popanda chiliro? Timafika usiku ndi bokosi, kuika m'manda masana, madzulo tili kale pasiteji. Ana athu amadziwa njira ya kumanda a kwawo, koma sadziwa dimba la agogo awo, chitsime chimene amayi awo ankatungapo madzi kapena nthano za pamoto. Pitani kukadali mtendere, mutanyamula shuga, mchere ndi sopo kuti ulendo wanu usasanduke katundu kwa okulandirani.

Tikudziwa kuti wina anena kuti, "Ndalama zake ziti?" Funsoli n'lomveka. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, thiransipoti ndi chakudya zidakwera ndipo mabanja ambiri akuvutika kupeza ngakhale thumba la chimanga. Amene alibe chakudya asakatenge katapila chifukwa cha ulendo. Koma tiyeni tinene zoona: ndalama ya chitenje cha ukwati, ya mpira ndi ya mowa imapezeka. Magulu a banki m'khonde, makwaya, mabungwe a amayi a kutchalitchi ndi kumzikiti amatha kusonkha n'kuchita hayala minibasi ya kumaliro tsiku limodzi lokha. N'chiyani chingawaletse kusonkha pang'onopang'ono kwa miyezi itatu n'kupita kukaona nyama? Pachipata cha nkhalango Mmalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi mlendo wakunja, ndipo kamba wa mbatata, mazira ndi thobwa mutha kunyamula kunyumba.

Pali chifukwa china chachikulu chimene tikulimbikitsira maulendowa. Mtendere wa kumudzi umene tikuuyamikirawu uli ndi eni ake amene amaulipirira. Anthu oyandikana ndi nkhalango ya Liwonde akhala akulira ndi njovu zowononga mbewu komanso ng'ona za mu Shire, ndipo ngakhale mpanda wa waya udachepetsa vutoli, zipsera zilipo. Munthu amene njovu idamudyera chimanga simungamuuze kuti aikonde chifukwa ndi yokongola. Angaisunge pokhapokha itamubweretsera kenakake m'thumba. Mukagula mpunga, mkeka, dengu kapena nkhuku m'mudzi, mukalipira wakabaza mosanyinyirika, mukupereka chifukwa chimenecho.

Chimodzimodzinso mitengo. Aliyense woyenda mumsewu wa Zomba-Liwonde amaona matumba a makala ali ndandanda, ndipo akakweza maso amaona mapiri a Machinga akumera dazi. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, koma mbaula zimene zimadya makalawo zili m'makhonde mwathu ife a m'tauni. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, idaphwanso kwambiri mu 2018, asodzi a matemba n'kusowa kolowera. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adationetsa zimene madzi amachita akatsika m'phiri lopanda mitengo. Munthu amene adakhalapo pamthunzi wa m'phiri, n'kumwa madzi ozizira a pakasupe, amaganiza kawiri asanagule thumba lachitatu. Chimene sudachione suchilira chikamatha.

Koma popita tinyamulenso ulemu. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Lonjerani eni mudzi, ndipo ngati mukufuna kukwera phiri kapena kuyendera dambo, yambani mwaonekera kwa amfumu. Madera ambiri a Machinga ndi a Asilamu, choncho lemekezani Lachisanu ndi kavalidwe ka kumeneko. Nyengo ya zinamwali pali malo amene mlendo safikako; funsani. Musajambule munthu musadapemphe, musasiye majumbo ndi mabotolo pansi pa mtengo, ndipo wailesi isiyeni kunyumba chifukwa phokoso ndi lomwe mwathawa. Ana asasambe mu Shire, ng'ona siziona kuti uyu ndi mlendo. Ukonde wa udzudzu usatsale.

Kwa makhonsolo a Machinga ndi Balaka, pempho lathu n'lakuti musamaganize za alendo a madola okha. Mabanja ambiri amaopa kugona m'maresitihausi chifukwa ambiri mwa malowa adagundizana ndi mabala, ndipo zochitika zake si zoti mwana n'kuona. Limbikitsani malo ogona aukhondo, abata, oti bambo, mayi ndi ana n'kugona mosachita manyazi. Ikani zikwangwani m'Chichewa ndi m'Chiyao zolozera malo ochititsa chidwi. Eni malo ogona alendo nawo alembe mitengo m'makwacha poyera, kuti Mmalawi asamabwerere pageti poopa kufunsa. Aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe m'sukulu nawonso asatope kupempha makolo kuti ana akaone zimene amaphunzira.

Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October, misewu ya fumbi ikamadutsika ndipo nyama zikamasonkhana kumtsinje, ngakhale October wa Balaka ndi Liwonde amatentha zedi. Khalani pansi sabata ino, sankhani tsiku, tsekani golosale. Kasitomala wa mchere adzabweranso mawa, koma agogo kumudzi sadzakhalapo mpaka kalekale, ndipo ana akukula. Tisadikire uthenga wa maliro kuti tikwere galimoto limodzi ngati banja.