Tsaya likatupa popanda kupweteka

Msodzi wa ku Senga Bay dzino likamuwawa sagona, kukacha amathamangira kukalizulitsa. Koma pali nthenda ina ya m'kamwa yobwera mwakachetechete, ndipo ikuyenera kumakambidwa pagombe pomwe amayi amayanika usipa.

Mano a mwana akamapangika mkati mwa nsagwada, timinofu tina togwira ntchitoyo timatsalira m'fupa. Mwa anthu owerengeka, timinofuti timadzasanduka kathumba kodzaza madzi, kawirikawiri mozungulira dzino lakumapeto lomwe lakanika kutuluka. Kathumbako kamakula pang'onopang'ono kwa zaka, kumadya fupa ndi kukankha mano oyandikana nako mpaka tsaya kutupa mbali imodzi. Poyamba sikapweteka, n'chifukwa chake anthu amazengereza. Wina amangothowa ndi madzi otentha, wina amakatemera mphini poganiza kuti walodzedwa.

Si ufiti, komanso si khansa. Kamaoneka pa X-ray, ndipo kamatha ndi opaleshoni. Mitundu ina imabwereranso, kotero wodwala amafunika kumakapimidwabe.

Opaleshoni yotereyi nthawi zambiri imafuna ulendo wa ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Kwa banja lodalira bwato limodzi, ulendowu ndi ndalama zambiri.

Malawi adayamba kuphunzitsa madokotala ake a mano mu 2019 ku College of Medicine, ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow. Boma litumize ena mwa iwo kumaboma a m'mbali mwa nyanja, ndi makina ojambulira nsagwada, kuti mayi wa ku Chipoka apimidwe fupa lisanadyeke.