Dokotala wofuna fizikisi sanapenge ayi

Kwathu kwa Njewa mwana akamaliza maphunziro a udokotala, mudzi wonse umalulutira. Koma anene kuti akubwerera kuyunivesite kukazama pa fizikisi, mumva makolo akunong'ona kuti amulodza. Ine ndikuti mlekeni apite.

Nkhawa yawo ndi yomveka. Sukulu ya madokotala ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991 chabe, ndipo mizere ya odwala ku Kabudula kapena pa St Gabriel's ku Namitete siichepa.

Koma taganizirani mayi wa ku Nsaru wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Makina otentha khansa ndi cheza champhamvu sayenda ndi dokotala yekha. Pamafunika katswiri wa fizikisi woyeza mlingo wake: chikachepa chotupa chimatsala, chikachuluka chimapsereza mnofu wabwino. Zambia inatsegula chipatala chotere ku Lusaka mu 2007. Ife tinadikira mpaka 2024 ku Blantyre ndi 2025 ku Lilongwe, amwayi akutumizidwa kunja, amphawi akufera pamphasa.

Hermann von Helmholtz anali dokotala wa asilikali ku Germany. Anapanga chipangizo choonera m'kati mwa diso, ndipo mu 1871 anakhala pulofesa wa fizikisi ku Berlin. Kodi odwala anatayapo chiyani?

Tsono boma limulipirire sukulu mwanayu, limusungire ntchito ndi malipiro oyenera. Likapanda kutero, tidzamumvera ku Johannesburg, makina athu akuchita dzimbiri.