NZERU ZA PANYUMBA: Cikwangwani si mudzi

Mlembi wa kagulu ka alimi amene amasunga maina a mamembala pa kompyuta ya panyumba angathe kugwa m'tsoka lotere. Usiku akopera mndandanda wa olandira fataleza pa fulashi, m'mawa akwera basi kupita ku boma kukasindikiza, koma atafika failoyo ikana kutseguka. Cimene ananyamula sicinali mndandanda, koma kacizindikiro cabe kolozera kumene mndandandawo uli. Weniweniwo unatsala kumudzi. Tsiku lapita, ndalama ya ulendo yapita, ndipo ngati linali tsiku lotsiriza lopereka maina, mabanja ambiri angalime copanda fataleza cifukwa ca kanthu kakang'ono.

Kacizindikiro kameneka pa Cingelezi kamachedwa shortcut. Kanafala m'caka ca 1995 pamene kampani ya Microsoft inatulutsa Windows 95, pamodzi ndi batani la Start. Kamadziwika ndi kamuvi kopindika kamene kali pa ngondya yace ya m'munsi ca kumanzere. Nchito yace ili ngati ya cikwangwani ca pamphambano, cimene cimalozera njira ya kumudzi koma mudziwo suli m'cikwangwanimo.

Munthu akamvetsa ici, zinthu zambiri zimamveka. Mwana akafafaniza shortcut ya pulogalamu yolembera makalata, kholo lisade nkhawa, pakuti pulogalamuyo ikalipo ndipo ingapezeke pa Start. Wofuna kucotseratu pulogalamu ayenera kupita ku Settings ndi kulowa pa Apps. Koma failo ya pa desktop imene ilibe kamuvi ndi katundu weniweni. Ikafafanizidwa imapita mu Recycle Bin, mmene ingabwezedwe ngati simunakhuthulidwe. Failo yofafanizidwa pa fulashi siipita kumeneko, imangotayika.

Mwambo wabwino ndi wakuti makalata onse azikhala mu Documents, ogawidwa m'mafoda monga a zaulimi, a sukulu ndi a zakuchalichi, ndipo pa desktop pakhale mashortcut asanu kapena asanu ndi imodzi a zinthu zogwiritsa nchito tsiku ndi tsiku. Kupanga shortcut n'kosavuta. Munthu adina failo ndi batani la kumanja la mausi, asankha Send to, kenaka Desktop. Pa Windows 11 ayamba wasankha Show more options.

Pokopera pa fulashi, mlembi atenge failo kucokera mu Documents momwemo. Kuyesa kuitsegula akali panyumba kungamunamize, cifukwa shortcut imatseguka bwinobwino pa kompyuta imene ili ndi failo yeniyeni. Coyenera kuyang'ana ndi kamuvi kaja, kapena kudina Properties, pamene pamaoneka mtundu wa failo ndi kukula kwace. Shortcut imakhala yaing'ono kwambiri, kawirikawiri makilobaiti 1 kapena 2.

Nkhani yaciwiri ndi ya maakaunti. Ambiri amati popeza kompyuta ndi ya munthu mmodzi, akaunti imodzi ndi yokwanira. Koma Windows ili ndi mitundu iwiri ya akaunti. Ya Administrator ili ngati mwini nyumba wosunga makiyi onse, ingathe kuika ndi kucotsa mapulogalamu ndiponso kusintha ciliconse. Ya Standard imalemba makalata, imatsegula intaneti ndi kuonetsa zithunzi, koma siingasinthe zikuluzikulu popanda cilolezo. Akaunti yoyamba imene imapangidwa pa kompyuta yatsopano imakhala ya Administrator, ndipo ndiyo imene eni ace ambiri amagwiritsa nchito masiku onse osadziwa kuopsa kwace.

Palibe munthu wanzeru amene amapita kumsika atanyamula ndalama zonse za m'nyumba. Fulashi imene imalowa m'makompyuta a m'masitolo osindikizira ingabwere ndi vairasi, ndipo ina yodziwika kwambiri imabisa mafailo n'kuika mashortcut abodza m'malo mwace. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu m'caka ca 2007, kompyuta imayamba yafunsa pulogalamu isanasinthe zinthu zikuluzikulu. Pa akaunti ya Administrator yankho lace ndi kudina Yes cabe, ndipo cala cimadina msanga mutu usanaganize. Pa akaunti ya Standard munthu ayenera kulemba pasiwedi ya Administrator, ndipo kamphindi kameneko kamamupatsa mpata wodzifunsa ngati anaitanadi pulogalamuyo. Citetezo cimeneci si cathunthu, pakuti makalata a mwini akaunti angaonongekebe. N'cifukwa cace makalata ofunika ayenera kukhala ndi kope lina pa fulashi yosungidwa padera.

Tsono ngakhale wokhala yekha ayenera kukhala ndi maakaunti awiri. Njira yosavutitsa ndi kupita ku Settings, kulowa pa Accounts ndi kusankha Other users, pamene pa Windows 10 palembedwa Family & other users. Apange akaunti yatsopano, aipatse udindo wa Administrator ndi pasiwedi yace, alowemo, kenaka atsitse akaunti yace yakale kukhala Standard. Akatero makalata ace onse amakhala pamene anali. Akacita mosemphanitsa, n'kusamukira ku akaunti yatsopano, adzapeza Documents mopanda kanthu, cifukwa akaunti iliyonse ili ndi desktop ndi Documents zacezace. Makalatawo sanatayike, ali m'cipinda cina.

Pali mashortcut ena amene amaoneka pa maakaunti onse. Awa amakhala mu foda ya Public Desktop, ndipo mapulogalamu oikidwira anthu onse amasiya mashortcut ao mmenemo. Imodzi ikacotsedwa imasowa kwa onse, ndipo kuicotsa kumafuna cilolezo ca Administrator. Mwini kompyuta akaona funso lotero asaganize kuti makina aonongeka.

Ana a sukulu akafuna kuphunzira, apatsidwe akaunti yaoyao ya Standard, kuti masewera ao asasakanikirane ndi mndandanda wa alimi. Wogula kompyuta yogwirapo kale nchito afunse pasiwedi ya Administrator asanapereke ndalama, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo pasiwediyo ilembedwe papepala ndi kusungidwa pamodzi ndi citupa ca NRC ndi makalata ena ofunika, cifukwa ikaiwalika mwini nyumba amasanduka mlendo pakhomo pace. Nchito yonseyi ndi ya madzulo amodzi, ndipo ndi bwino kuigwira nyengo yolembetsa maina isanafike.