Tikudzala mitengo, koma odziwa kuisadza ali kuti?

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amavala magambutsi, ana asukulu amasenza mbande, wailesi n'kulengeza kuchuluka kwa mitengo imene yalowa m'nthaka. Ine nyengo imeneyi sindinganyoze chifukwa ndi imene ndimadyera: ndili ndi kanazale ka nimu, mango ndi msangu m'mbali mwa msewu wochoka pa boma la Chikwawa kupita ku Kapichira. Koma pa misonkhano yonse yodzala mitengo imene ndakhalapo, palibe amafunsa za mawa la mtengowo. Ukadzakula, nthambi n'kuyamba kukhula malata kapena kuyandikira mawaya a magetsi, adzaukwera ndani, ndi zida zanji, ataphunzira kuti?

Pakadali pano amaukwera ndi mnyamata wa ganyu. Amavula masilipasi pansi pa mtengo, n'kusomeka chikwanje kumbuyo kwa kabudula, basi ulendo wa m'mwamba. Akafika pa mphanda, dzanja limodzi limakumbatira thunthu, linalo likutema. Mwini nyumba amakhala pansi, kukuwa kuti "Iwe, nthambi iyo isagwere pa khitchini!" Mtengo wa ntchitoyo amakambirana ngati wolima mizere, nthawi zina n'kumuuza kuti atenge nkhuni zikhale malipiro. Chonsecho anyamata amenewa ali ndi luso lenileni. Amagogoda nthambi n'kudziwa kuti yadyedwa ndi chiswe mkati. Amaona mavu asanawaone mavuwo. Luso lokwera si lachilendo kuno kuchigwa: aliyense amene wayang'anitsitsa milambe yakale waona mzere wa mabowo pa thunthu, pomwe makolo ankakhoma zikhomo zopondapo pokafula uchi m'mphako kapena pokagwetsa malambe. Chimene chikusowa ndi chingwe chomugwira munthu akaterereka, ndiponso chidziwitso cha mmene mtengo umapolera ukadulidwa.

Za kapoleredwe ka mtengo ndi zimene zimandiwawa kwambiri, poti mbandezo zimachoka m'manja mwanga. Kusadza kwathu n'kudula mutu. Nimu wa zaka khumi, wamthunzi wokwana banja lonse ndi mbuzi zomwe, amamusiya chilili ngati mzati wokhala ndi zitsa zitatu pamwamba. Eni ake amati, "Aphukiranso, nimu safa." N'zoona amaphukira, koma mphukira zotuluka pa chitsa chotere zimangomatirira pa khungwa, sizichokera mkati mwa thunthu monga nthambi yobadwa ndi mtengo. Zimakula msanga, zimalemera, ndipo mphepo yamkuntho ikabwera ndi zomwezo zimathyoka n'kuboola denga. Pabala lotemedwa mwachisawawa pamakhala madzi, pamawola, chiswe n'kupeza khomo. Munthu amene ankaopa nthambi imodzi amadzipangira khumi zoopsa kuposa yoyambayo, kenaka n'kunena kuti mitengo pafupi ndi nyumba njoipa, n'kuugwetseratu.

Katswiri wina wa zankhalango wa ku America, Alex Shigo, anathera zaka zambiri akung'amba mitengo m'litali kuti aone mmene kuwola kumayendera mkati. Anapeza kuti mtengo supola ngati chilonda cha munthu: umatsekera mbali yovulalayo kuti kuwola kusafalikire, kenaka n'kukuta pabalapo ndi mtengo watsopano. Mphamvu yotsekerayo ili pa kamkombero kotupa kamene kamakhala pomwe nthambi yakumana ndi thunthu. Ukadula nthambi kunja pang'ono kwa kamkombero kameneka, bala limatsekeka bwino. Ukaisenga mpaka kufanana ndi thunthu, wawononga chitetezocho. Ukasiya chitsa chachitali, chimawola n'kulowetsa matenda. Ngakhale kupaka penti kapena oyilo wakuda pabala, kumene ambiri timakuyesa chisamaliro, anapeza kuti sikuletsa kuwola. Nthambi yolemera imafuna kudula katatu: koyamba kucheka pang'ono kunsi kwake, patali ndithu ndi thunthu, kachiwiri kudula pamwamba kutsogolo kwa pamenepo kuti igwe osasenda khungwa, kachitatu kuchotsa chitsa chotsalacho pafupi ndi kamkombero kaja. Zonsezi zimatheka ndi sowo wa pamanja wakuthwa. Chikwanje sichingathe, chimatafuna.

Wina wa ku Mzuzu kapena ku Dedza akhoza kuona ngati ndikukokomeza. Abwere kuno mu Okutobala kapena Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, aone komwe anthu amakhala masana. Odwala amadikira pansi pa mtengo, milandu ya kwa amfumu imazengedwa pansi pa mtengo, ogulitsa nsomba ndi masawu amapikisana pofuna mthunzi. Kuno mthunzi ndi chipinda china cha nyumba, ndipo chimatenga zaka kuti chimangidwe. Koma chichitikireni namondwe wa Ana mu Januwale 2022, amene anagumula damu la pa Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 m'dziko muno kwa nthawi yoposa chaka, kenaka Freddy mu Malichi 2023, anthu ambiri amayang'ana mtengo waukulu wa pakhomo ndi mantha. Mantha amenewo ndimawamvetsa. Chimene chimafunika ndi munthu wodziwa kuyang'ana mtengo n'kunena kuti nthambi iyi ichoke, izi zipepuzidwe, thunthu lili bwino lisiyeni. Posowa munthu wotere, nkhwangwa ndiyo imaweruza.

Palinso nkhani ya mawaya. Ife timakhala pomwe magetsi amapangidwa, ndipo mawaya amadutsa m'midzi ndi m'misika mpaka ku Nchalo ndi kupitirira. Mtengo wauwisi umadutsitsa magetsi, ndipo pa mawaya amphamvu moto umatha kulumpha munthu asanakhudze n'komwe. Nthambi yoyandikira mawaya si ntchito ya ganyu, zivute zitani. Amenewo ndi malo oitana a ESCOM kuti azimitse kaye, ndipo mwini nyumba amene amatuma mwana wa mnzake kumeneko chifukwa chothamangira ayenera kudziwa chimene akumutumira.

Mphwanga amene amaphunzira ku Blantyre anandionetsa pa foni mpikisano wokwera mitengo wa dziko lonse lapansi, umene umakonzedwa ndi bungwe la International Society of Arboriculture. Unayamba mu 1976 ku St. Louis, ku America, ndipo masiku ano amuna ndi akazi omwe amapikisana. Ndinkayembekezera kuona anthu akuthamangira kunsonga ngati apusi. Za liwiro zilipo, koma mbali zimene zinandikhazika chete ndi zina. Pa mbali imodzi amaponya kathumba kolemera komangidwa ku kachingwe kakang'ono kuti kadutse pa mphanda yapamwamba, ndipo kachingweko n'komwe kamakokera chingwe chachikulu, motero munthu amayamba kukwera ali womangidwa kale. Pa ina amayenda m'nthambi kukaliza mabelu opachikidwa m'malo osiyanasiyana, ndipo akagwetsa chida kapena kuthyola nthambi amalangidwa. Ndiye pali mbali yopulumutsa: amapachika chidole cholemera ngati munthu m'mwamba, wopikisana n'kukwera, kuchiyang'ana ngati wovulala, kuchimangirira kwa iye n'kutsika nacho bwinobwino nthawi isanathe. Anthu amenewa anaona kuti wokwera mitengo akavulala m'mwamba, woyamba kumufikira ndi mnzake wa ntchito, ndiye anaika chipulumutso pakati pa masewera awo.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: zida zimenezo n'zodula, ife tikusowa ya ufa. Sindikutsutsa. Lamba wokhalira wa m'chiuno, chingwe chokwerera, chisoti cholimba, zokowera zachitsulo, buluku loletsa unyolo wa chainsaw kufika pa mnofu, zonsezi mnyamata mmodzi wa ku Dyeratu sangazigule. Koma gulu la anyamata asanu likhoza kukhala ndi zida za munthu mmodzi n'kumasinthana, monga mmene amisiri amabwerekana makwerero. Tisadzinamize kuti chingwe chomangira ng'ombe kapena cha pa chitsime chingalowe m'malo. Chimenecho chigwire ntchito yotsitsa nthambi pang'onopang'ono kuti isaphwanye malata, osati kunyamula moyo wa munthu. Ndipo zina sizilira ndalama konse: osakwera uli wekha, osakwera mtengo wonyowa, osakwera utalawa uchema, osalola ana kuima pansi kudikira nkhuni, ndiponso osagwira chainsaw ndi dzanja limodzi uli pa makwerero. Makina amenewa ayamba kuchuluka m'midzi, ndipo akadumpha amabwerera kumaso kwa wowagwira.

Malo ophunzitsira tili nawo kale. Ku Dedza kuli sukulu ya zankhalango ndi nyama zakutchire, ndipo TEVETA imaphunzitsa ndi kupereka masatifiketi kwa omanga nyumba, owotcherera ndi opala matabwa. Palibe choletsa kuti pakhale maphunziro a masabata ochepa a kusadza mitengo, ochitikira konkuno kuchigwa, m'Chichewa ndi m'Chisena, olola ngakhale amene analekezera ku pulayimale. Ntchito ya anthu oterewa ilipo: masukulu, matchalitchi, zipatala, malo ogona alendo ozungulira Majete, alimi a njuchi amene amapachika ming'oma m'mitengo. Khonsolo ikamapereka ntchito yosadza mitengo ya pa msika ikhoza kufunsa satifiketi imeneyo, ndipo mabungwe amene amatigula mbande zikwizikwi akhoza kupatula kandalama kochepa kogulira zingwe ndi zisoti.

Mpikisano nawo tingaupange wathu, pa chionetsero cha zaulimi ku Ngabu kapena pa boma, koma pokhapokha anthu ataphunzira ndipo zingwe zilipo, chifukwa kupikisana kukwera chimanjamanja kungangotiwonjezera maliro. Oweruza adzayang'ane mfundo ya chingwe, ukhondo wa bala limene wasiya pa mtengo, ndi mmene watsitsira thumba la mchenga loimira mnzake wovulala. Wopambana apatsidwe sowo ndi chisoti, dzina lake lilembedwe ku ofesi ya zankhalango kuti ofuna msadzi akamupeze.

Podikira zimenezo, amene mukufuna kusadza nimu wanu chaka chino, chitani mvula isanayambe, gwirizanani mtengo wa anthu awiri osati mmodzi, ndipo muuzeni wokwerayo nthambi zoti achotse akadali pansi. Akakuuzani kuti mtengowo wabowoka mkati ndipo sakwera, musamunene kuti ndi wamantha, mulipireni ya ulendo wake.