Wachinyamata wa ku Mufakose ayambire Python

Ku Mufakose, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa ndi Mbare kuli achinyamata ambiri amene agogo awo anachokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Tete kudzagwira ntchito mumzinda wa Salisbury. Lero ena mwa adzukuluwo akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo funso loyamba limakhala lakuti ayambire chinenero chiti. Uyu amawauza Java, uyo C, winanso JavaScript. Wophunzira amatha miyezi akulawa uku ndi uku, bandulo ya intaneti n'kumatha iye asanagwire kanthu. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kwa woyamba wa m'makomboni a Harare, chinenero choyenera ndi Python, ndipo zifukwa zake zikuchokera m'moyo wa komweko.

Choyamba ndi magetsi ndi chida chophunzirira. M'chaka cha 2019 komanso kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, magetsi a ZESA ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. M'nyumba zambiri mulibe laputopu, koma foni ya Android ilipo. Pulogalamu ya Pydroid 3 ikangolowa m'foni, munthu amalemba ndi kuyendetsa Python popanda intaneti. Zida zimene anthu a Java amadalira, monga Android Studio, zimafuna kompyuta yamphamvu ndi bandulo yaikulu. Kulangiza mwana wa ku Tafara kuti ayambire kumeneko n'kumutuma kumunda wopanda khasu.

Chachiwiri ndi kuwerengeka. Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991, ndipo anafuna kuti zolembedwa zizioneka bwino m'maso mwa munthu. Kuti kompyuta ipereke moni, mzere umodzi ndi wokwanira: print("Moni"). C, imene Dennis Ritchie anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, imafuna kuti wolemba aziyang'anira yekha malo osungira zinthu m'kompyuta, pamene woyamba asanadziwe n'komwe kukonza maganizo ake mwandondomeko. Python ili ndi mawu osungidwa 35 okha, monga if, for ndi while. Munthu amene amalankhula Chishona pamsewu, Chingerezi kusukulu ndi Chichewa kwa agogo sangaopsedwe ndi mawu 35. Chovuta chenicheni ndi kuphwanya vuto m'zidutswa, ndipo chinenero chabwino kwa woyamba n'chimene chimamusiyira mpata wolimbana ndi zimenezo.

Chachitatu ndi anthu ofunsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wophunzira yekha amagwa ulesi akakumana ndi cholakwika chimene sakuchimvetsa. Msonkhano wa PyCon Zimbabwe unachitika koyamba ku Harare mu 2016, umboni wakuti odziwa Python ali mumzinda momwemo. Mayeso a Cambridge a A Level amalolanso Python pamodzi ndi Java ndi Visual Basic. Bungwe la Uncommon.org lili ndi malo ophunzitsira luso la kompyuta m'madera monga Dzivarasekwa ndi Mufakose, kotero kuti wofuna mphunzitsi sayenera kukwera kombi kupita m'tauni tsiku lililonse.

Okonda JavaScript ali ndi mfundo yosanyozeka. Chinenerochi, chimene Brendan Eich analemba mu 1995, chimagwira ntchito m'pulogalamu iliyonse yotsegulira masamba a pa intaneti, ndipo maganyu okonza masambawo ndi amene amabweretsa ndalama msanga. Kwa munthu wosowa ya renti, nkhani imeneyi ndi yaikulu. Komabe woyambira JavaScript amasenza akatundu atatu nthawi imodzi, popeza HTML ndi CSS zimabwerera limodzi. Ilinso ndi chizolowezi chobisa zolakwa. Wolemba "2" + 2 amalandira "22" mwakachetechete, pamene Python imaima n'kunena kuti mawu ndi nambala sizingaphatikizidwe. Mphunzitsi wodzudzula pomwepo amaposa wongomwetulira. JavaScript ikhale yachiwiri, ndipo idzalowa mosavuta chifukwa maziko ndi amodzi. Ana a ku pulayimale okha ndi amene angayambe ndi Scratch, imene inatuluka ku MIT mu 2007, mmene malamulo amalumikizidwa ngati njerwa.

Palinso chifukwa chokhudza Chichewa chenichenicho. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma m'mabanja ambiri a m'makomboni adzukulu amangochimva, n'kumayankha m'Chishona. Python 3 imalola wolemba kutcha zinthu maina a m'chinenero chake, ngakhale okhala ndi chilembo cha ŵ. Wophunzira angalembe dzina, msinkhu, ngongole. Angayesenso kapulogalamu kochulukitsa maina: munthu akhale anthu, mudzi ukhale midzi, chinthu chikhale zinthu. Posachedwa adzakumana ndi galu ndi agalu, tsiku ndi masiku, kenako nyumba imene siisintha. Kuti akonze zimenezi ayenera kugwiritsa ntchito if ndi else, komanso kupita kwa agogo kukafunsa. Aphunzira zinthu ziwiri pa ulendo umodzi. Ntchito yophunzitsa makompyuta zinenero za mu Africa, monga ya gulu la Masakhane, imachitika kwambiri m'Python, ndipo ikusowa anthu amene Chichewa anachimva pakhomo.

Kusankha kokha sikupindula ngati munthu sakhazikika. Woyamba atenge Python, akhale nayo miyezi isanu ndi umodzi, mpaka atamaliza chinthu chimodzi chogwira ntchito. Chinthucho sichiyenera kuchokera kutali. Mabungwe a maliro amene anthu ochokera ku Malawi anayambitsa m'makomboni amenewa amafuna kaundula wa zopereka, wosonyeza amene walipira ndi amene watsalira. Wachinyamata amene angalembe pulogalamu yowerengera zoperekazo, msungichuma n'kuikhulupirira, wadutsa povuta. Chinenero chachiwiri ndi chachitatu adzachisankha malinga ndi ntchito imene yamupeza.