Mimba ikamavuta, yambani mwaona m'mbale

Mimba ikangopotokola, ambiri timathamangira kumsika kukagula Flagyl. Komatu pali nthenda ya matumbo yomwe madokotala amaitcha IBS, imene Flagylyo sangaichiritse. Mimba imatupa ndi kupweteka, lero kutsegula, mawa kudzimbidwa, kwa miyezi.

Ife tikuti achipatala akatsimikiza kuti ndi yomweyi, thandizo liyambire kukhitchini. Kwa masabata awiri, lembani zomwe mwadya. Nyemba, kabichi, anyezi, mkaka, zokazinga ndi zakumwa za gasi ndizo zimakonda kuiputa. Siyani chimodzichimodzi, osati zonse pakamodzi, kuopa kunyentchera. Idyani panthawi yake, osathamanga, ndipo imwani madzi okwanira. Nkhawa nazonso zimakulitsa vutoli.

Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kuwonda kapena kutentha thupi, bwererani kuchipatala msanga. Pamenepo za pakhomo zachepa.