Chiwongo chovuta kutchula si chifukwa chochitayira

Lero sindikamba za mvula kapena mtengo wa kachewere pa Lizulu ayi. Nkhani ya lero ili pakhomo panga penipeni, ndipo ndayamba ndapempha kaye mwana wanga kuti ndiilembe, kuopa kuti mawa angati bambo andiyalutsa pagulu.

Sabata yathayi talandira mdzukulu wamkazi ku Lilongwe. Mayi ndi mwana onse ali bwino, tithokoze Mulungu. Mchombo utagwa, mnyamata wanga anandiimbira foni. Akuti, "Bambo, dzina la mwana mutchule ndinu, koma chiwongo chathu chija ine sindikufuna chilembedwe pa kalata yake yobadwira. Chandizunza ine, chisazunzenso mwanayu." Maganizo ake ndi oti atenge dzina langa loyamba likhale dzina la makolo, monga achitira ambiri masiku ano. Ndinangoti kukamwa yasa, mpaka mayunitsi ake anatsala pang'ono kutha.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ife ndi a Nqumayo. Vuto lonse lili pa kachilembo kachiwiriko, q, kamene m'Chichewa mulibe. Agogo anga ankakatchula pokanikiza lilime kumwamba m'kamwa n'kulimasula, phokoso lake ngati watsegula botolo. Ine mwini dzina sindikatha. Pano ena amati Nkumayo, ena Ngumayo, ndipo ndimavomera onse.

Mwana wanga sakunama, dzinali limatopetsa. Kuchipatala ndikaona woitana mayina wangoti zii, akuyang'anitsitsa buku, ndimangonyamuka ndekha, ndimadziwa kuti wafika pa ine. Chaka china mlembi wina analemba k m'malo mwa q pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, pamene pa chiphaso changa cha unzika pali q. Akuti si munthu mmodzi ameneyu. Ndinapalasa njinga maulendo atatu kuti akonze, ndipo pomwe thumba limafika pakhomo chimanga chinali chitayamba kale chikasu. Kachilembo kamodzi kokha kanandidyera ngolo ya chimanga.

Ndiponso kubisa dzinali sikunayambe ndi mwana wanga. Akuluakulu mukuwakumbukira a Albert Muwalo Nqumayo a kuno ku Ntcheu, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, n'kumangidwa mu 1976, n'kunyongedwa mu 1977. Ife sitinali nawo pachibale chapafupi, koma masiku amenewo ndani akanaima n'kumalongosola za chibale? Bambo anga pokandilembetsa sukulu anangopereka dzina lawo loyamba. Mpaka ndinasiya sukulu ndikuitanidwa ndi dzina limenelo. Sindiwadzudzula, iwo ankateteza mutu wa mwana. Chiwongo ndinachibwezeretsa ndekha nditakula, ndipo pa kalembera wa ziphaso wa 2017 ndinaima pomwepo mpaka ndinaona ndi maso anga kuti q walembedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikukakamira chinthu chimene chinandidyera chimanga? Imvani. Makolo athu, Angoni a kwa Maseko, anachoka kumwera nthawi ya nkhondo za Shaka, kuwoloka Zambezi, kukafika mpaka ku Songea ku Tanzania, n'kubwerera kudzakhazikika ku Domwe. Anakwatira akazi achichewa, ana n'kuyamwa chilankhulo cha amayi awo. Lero Chingoni timangochimva m'nyimbo za ngoma, mwinanso tikapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo ambiri timaimba osadziwa zomwe tikunena. Makola a ng'ombe anatha, m'malo mwake muli kabichi. Ndiye chatsala n'chiyani m'nyumba mwathu chimene chinayenda ulendo wonsewo? Ndi kachilembo kovutako basi.

Mwana wa achimwene anga ali ku Johannesburg. Anandiuza kuti tsiku loyamba kuntchito, mnzake wachizulu anangoona dzina pa pepala n'kulitchula bwinobwino, momwe ankatchulira agogo aja. Anamuuzanso kuti kwawoko ukunquma ndi kudula kapena kugamula nkhani. Mnyamatayo akuti misozi inalengeza. Zaka zonsezi ankaganiza kuti ali ndi dzina lolakwika, osadziwa kuti dzinalo lili bwinobwino, malilime athu ndi amene anaiwala njira.

Tsono apa ndikufuna ndilankhule ndi akuluakulu anzanga, chifukwa nafenso tili ndi mlandu. Timadandaula kuti ana akutaya ziwongo, koma ifeyo akatipatsa mwana kuti timutche dzina timatani? Takangana ndi apongozi, mwana akhale Nditani. Chaka chavuta, mwana akhale Mavuto, Masautso, Misozi. Pepani inu eni mayina amenewa, simunadzitche nokha, ndipo ambiri mwa inu ndinu anthu osangalala kuposa ine. Koma kunena zoona dzina lolemera ndi limenelo, loti mwana azisenza mkangano wa anthu amene anagwirizana kalekale, ena anagona kale kumanda. Langa limavuta pakamwa pokha. Limenelo limavuta mumtima, tsiku lililonse aphunzitsi akamaitana mayina m'kalasi.

Ndiye mnyamata wanga ndamuyankha chonchi. Dzina loyamba ndamutcha mwanayo Tadala. Ndi lalifupi, aliyense alitha, ndipo palibe amene tikumunena nalo. Gawo langa ndi limenelo, ndalipepukitsa. Koma chiwongo asachidule. Mankhwala a q si kumuchotsa ayi, ndi kumulemba mofanana paliponse kuyambira tsiku loyamba: pa buku la kusikelo, pa kalata yobadwira, kutchalitchi, kusukulu. Wolemba akalemba, iwe upemphe uone, usachite manyazi ngakhale mzere ukhale wautali. Zonse zimene ndavutika nazo ine zinabwera chifukwa pepala lina linkanena zina, linzake zina.

Mwanayu akadzakula n'kuona kuti dzinali lamulemera, adzalisiye yekha, ndi ufulu wake. Mwina adzakwatiwa n'kutenga la mwamuna, zimenezo n'zake. Koma munthu sangasankhe kusunga chinthu chimene sanapatsidwe n'komwe. Ndipo tsiku lina adzabwera kuno, kaya ku ukwati kaya ku maliro anga, amayi achikulire adzafunsa kuti kodi mtsikana uyu ndi nandani? Kwathu kuno mkazi timamulemekeza ndi chiwongo, NaMaseko, NaNgozo, NaPhiri. Ndikufuna podzagwada kupereka moni adzakhale ndi choyankha.

Ndikudziwa ena a m'tauni mukuti mdalayu akukokomeza, dzina sadyera nsima. Zoona, sadyera. Komanso mwana ndi wa bambo ake ndi mayi ake, ine ndine gogo chabe, sindingawagwire dzanja polemba. Mpongozi wanga naye ali ndi mawu ake, ndipo ndikawamvera. Mnyamatayo wangoti, "Ndamva bambo, tikambirana mukabwera."

Loweruka lino ndikukwera minibasi pa Lizulu, ine ndi mayi a kunyumba. Tanyamula ufa, nkhuku imodzi ndi kathumba ka kachewere. M'thumba la malaya ndaikamo kapepala, ndalembapo chiwongo chathu ndi zilembo zikuluzikulu, q ndamudutsiza kawiri ndi bolopeni kuti aoneke. Akakalola ndikawapatsa. Akakakana ndikakapinda n'kukasiya m'buku la kusikelo la mwanayo, adzakapeze yekha akadzadziwa kuwerenga.

Inu a Gondwe, a Banda ndi a Phiri, amene mayina anu salakwika pa mndandanda, mutipempherere. Ndapita kudimba.